Anyezi Wotemedwa ndi Fosholo

Ku Thornrigg n'kovuta kupeza munthu amene sanadyepo chophika Lorraine Pattinson. Anaphika pa sukulu ya pulayimale kuyambira ali mtsikana mpaka imvi zitamera, ndipo theka la tauniyo linadutsa pa windo la khitchini yake mbale ili m'manja. Sanali wolankhulalankhula. Akakwiya sankatukwana, mapoto ndiwo ankamulankhulira. Aphunzitsi akamva zivundikiro zikulira ankadziwa kuti lero si tsiku lopita kukapempha tiyi.

Ana ankawadziwa ndi kadyedwe kawo, makamaka Lolemba. Mwana wokhuta kwawo amasankha, amakankhira nsawawa pambali, amaseweretsa supuni. Koma amene Loweruka ndi Lamulungu zamudutsa mopepuka amadya atakumbatira mbale, maso ali pa poto. Oterowo Lorraine ankawathirira chipande chachiwiri osawafunsa, ndiponso osawayang'ana kumaso, kuti anzawo asazindikire.

N'chifukwa chake ankadana ndi chilimwe. Sukulu zikatsekera kumapeto kwa Julayi, windo lake linkatsekedwa mpaka Sepitembala. Aphunzitsi ankatsanzikana akuseka, zikwama za ulendo zili kale m'galimoto. Iye ankatsuka mapoto komaliza, n'kuwavundikira, akuganizira ana aja mmodzimmodzi.

Njala ankaidziwa kuyambira ubwana. Bambo ake anali a mumgodi wa malasha, ndipo chaka chimene amuna onse ananyanyala ntchito, iye ankanyamula mbale kupita ku holo kumene amayi a m'tauni ankaphikira aliyense. Mgodi utatsekedwa, tauni inayamba kufota pang'onopang'ono ngati mtengo wodyedwa ndi chiswe. Mwamuna wake anapita kukafuna ntchito ku doko, nakapeza ntchito ndi mkazi womwe. Lorraine analera ana ake awiri ndi malipiro a kukhitchini, anawo anakula n'kupita kutali. Mawondo atamukana anasiya ntchito, koma kukhala pakhomo kunamulephera. Anakalowa gulu la nkhokwe ya chakudya imene inkatsegulidwa Lachinayi lililonse mu holo ya tchalitchi, kumene anthu osowa ankalandira thumba la zakudya zimene ena apereka.

Kumeneko anaphunzira kuti chifundo cha anthu chili ndi nyengo ngati bowa. Pa Khirisimasi, nyengo yozizira kumeneko, zitini zinkasowa poika, makampani ankabwera ndi makatoni ndi munthu wojambula. Dzuwa likangotentha, dengu lolandirira zopereka ku golosale linkakhala ndi mapepala a masiwiti okhaokha. Anthu ankaganiza kuti munthu amamva njala pokhapokha kukuzizira.

Lachinayi loyamba la tchuthi chaka chimenecho, mashelefu anali mbee. Panatsala nyemba za m'chitini zochepa, tiyi, mpunga pang'ono, ndi makeke a Khirisimasi ouma gwa amene ngakhale mbewa zinali zitawanyoza. Lorraine ankagawa thumba limodzi pawiri. Chakumapeto kwa mzere kunali Kayleigh Dodds, mayi wachitsikana wa ana atatu, amene nayenso anakula akudya pa windo la Lorraine.

"Mayi Pat, lero mwatipatsa thumba kapena mwatibwereka?" anatero Kayleigh akulikweza ndi chala chimodzi.

"Ndi zomwe zilipo, mwanawe. Iweyo wadya?"

"Aa, ine ndadya kale."

"Wadya chiyani?"

"Zija... ndadya, Mayi Pat. Mukufuna ndiyasame muone?"

Anaseka, koma lamba wa buluku lake anali ndi bowo latsopano loboola ndi msomali. Lorraine analiona. Anatenga chitini china cha nyemba n'kuponya m'thumbamo, maso ali kwina.

Anthu atatha, Mayi Ridley, wapampando wa komiti, anaitanitsa onse othandiza. Sanali munthu woipa. Anali wotopa, ndipo amuna awo anali atakonza kale zopita kunyanja.

"Anzanga, tisanamizane," anatero. "Othandiza ambiri akupita ku tchuthi. Mashelefu mukuwaona nokha. Si bwino kuitana anthu kuti adzaone matabwa. Komiti yagwirizana kuti ngati Lachinayi likubwerali zinthu zikhale chonchi, titseke mwezi wonse wa Ogasiti. Tidzatsegula sukulu zikatsegulira."

"Sukulu zikatsegulira ana adzakhala akudya kusukulu," anatero Lorraine.

"Ndikudziwa, Lorraine."

"Ndiye mukutseka mwezi umene akutifuna, mudzatsegule mwezi umene apezako mpumulo?"

"Tigawa chiyani? Mphepo? Ngati mungapeze chakudya, bweretsani, ine kiyi ndikusiyirani. Koma ine sindingalenge."

Lorraine anatembenuka. Analowa m'kakhitchini ka holo kukatsuka makapu, ndipo amene anali panja anamva makapuwo akulira ngati akumenyana.

Mawa lake anayenda. Ku golosale anamuuza kuti alembere likulu. Ku ofesi ya khonsolo anamupatsa nambala ya foni, ndipo foniyo inkayankhidwa ndi nyimbo. Wophika buledi anamulonjeza zotsala za Lachitatu, koma buledi yekha sakanatsegulitsa chitseko. Loweruka, mawondo akuwawa, anakwera kamtunda kupita ku madimba a kuseri kwa mgodi wakale, kumene mlongo wake wamkulu Gordon Tweddle ankalima.

Madimba amenewo sanali a ndiwo. Anali a mpikisano. Chaka chilichonse mu Sepitembala amuna a kalabu ya anthu a mumgodi ankapikisana kuti wakulitsa anyezi ndani, ndipo wopambana ankatenga chikho, dzina lake n'kulembedwa pa khoma. Anyezi wake sanali wamba, mmodzi ankakula ngati mutu wa mwana. Amuna ankamulera m'tinyumba ta pulasitiki, kumufunditsa, kumuyeza m'chiuno ndi tepi, ena mpaka kugona komweko mpikisano ukayandikira. Munthu ankabzala mizere yambiri kuti adzasankhepo atatu okha. Gordon anali ndi mbewu imene bambo awo anasiya, ndipo ankaisamala kuposa mmene anasamalira mkazi wake.

Lorraine asanafike pa geti anamva phokoso. Khaa! Khaa! Atasuzumira anaona Gordon ali pa mulu wa manyowa, fosholo ili m'manja. Pansi panali anyezi woyera bwino, wonenepa, wodzadza wilibala, ndipo iye ankamutema mmodzimmodzi, pakati, kenako pakatinso, n'kumukankhira m'ndowe za akavalo. Pambali panali kabichi ndi makaroti zodikira chilango chomwecho.

"Achimwene! Mukutani?"

"Ee, alongo, mwatikumbuka lero? Ndikupatula. Awa alephera mayeso. Uyu wang'aluka khungu, uyu wapindika khosi, uyu wasiya kukula."

"Ndiye mukumutema?"

"Nanga ndimupatse mendulo?"

"Anyezi wabwinobwino ameneyu! Wadyedwa ndi chiyani?"

"Palibe chamudya. Koma sangapambane." Gordon anatsamira fosholo napukuta thukuta. "Iwe ukudziwa mmene zimakhalira. Ndikangotulutsa mmodzi wathunthu pa geti ili, mawa ali m'dimba la Terry Bewick. Amubzala, achita maluwa, atenga njere, chaka chamawa andigonjetsa ndi mbewu ya bambo anga omwe. Aliyense kuno amatema. Terry naye amatema. Ndi mwambo."

Lorraine anamufotokozera za mashelefu, za Ogasiti, za thumba logawa pawiri. Analankhula modekha, chifukwa Gordon anali wamkulu. Gordon ankamvetsera akukanda chibwano.

"Zachisoni," anatero. "Koma anthu akowo ena ali ndi mafoni oposa yanga. Akagulitse."

"Foni ndiyo ofunira ntchito, achimwene. Masiku ano ntchito simufunsira pa geti."

"Kaya. Ine ndinagwira ntchito moyo wanga wonse, sindinapemphepo."

"Simunapemphepo? Amene ankanyambita mbale ku holo chaka cha sitalaka anali ndani? Bambo anazula dimba lonse lino chaka chimenecho, ndi wa mpikisano yemwe, n'kukapereka ku khitchini ya amayi. Mwaiwala?"

"Anasiyako wa mbewu. N'chifukwa chake ilipo. Usandiphunzitse za bambo."

Anakweza fosholo. Khaa! Madzi a anyezi anathovokera pa nsapato za Lorraine.

"Iwe Gordon," anatero Lorraine, ndipo Gordon anatembenuka, chifukwa chibadwire mlongo wakeyo anali asanamutchulepo choncho. "Ndibwereke wilibala."

"Ya chiyani?"

"Manyowa. Si manyowa amenewa? Kapena nawonso Terry abzala?"

Gordon anaseka, namulola. Lorraine anatola zidutswa zija ndi manja, zandowe zomwe, mpaka wilibala inadzadza. Anaikankha kutsika kamtunda osatsanzika.

Lamulungu masana alimi a anyezi ankakumana m'chipinda chakumbuyo cha kalabu. Panalibe lamulo lolembedwa loletsa akazi, koma mkazi ankalowamo pokhapokha akudzatolera matambula. Tsiku limenelo amuna anali atazungulira tebulo lalitali, mowa uli patsogolo, akukangana za amene adzaweruze mpikisano. Anamva gudumu likulira m'khonde. Chitseko chinakankhidwa ndi wilibala, kumbuyo kwake kuli Lorraine atavala epuloni yake yakale ya kusukulu.

"Mayi, kuno n'kwa mamembala," anatero wogulitsa mowa akumuthamangira.

"Iwe ndinkakupukuta mamina. Dzera uko."

Anafika pa tebulo, nakweza zogwirira. Khuthu! Anyezi wogona tsiku lathunthu pa dzuwa, wosakanikirana ndi ndowe, anamwazika pakati pa matambula. Amuna anadumpha, wina mowa unamutayikira pa buluku. Fungo linadzadza chipinda.

"Gordon, mlongo wako wabweretsa za mpikisano msanga!" anakuwa Terry Bewick, bambo wamfupi wadazi, akutseka mphuno. "Ndiye ameneyu ndi amene umatiopseza naye?"

Ena anaseka. Gordon nkhope inali psuu.

"Sekani," anatero Lorraine. "Sekani mumalize, ndikudikirani."

Kuseka kunazilala.

"Ichi ndi chakudya. Dzulo m'mawa chinali chakudya. Kumusi kuno kuli ana amene chitsekere sukulu sanadyepo chotentha, kuli amayi amene akumwa tiyi wopanda mkaka kuti ana adye, ndipo Lachinayi tikutseka holo chifukwa tilibe chogawa. Inu muli pamtunda apo kutema chakudya ndi fosholo, kuopana nokhanokha ngati afiti. Azibambo athunthu, ndevu zoyera, kulondera anyezi usiku! Ana anu munawalonderapo choncho?"

"Ife sitinatseketse mgodi, mayi," wina anatero kumapeto kwa tebulo. "Pitani mukakhuthulire a boma."

"Ndinapita. Anandiimbira nyimbo pa foni. Akanakhala ndi tebulo pafupi ndikanayambira kumeneko. Koma amene ndawaona ndi maso anga akutema ndi inu."

"Ana ake a ndani?" anafunsa wina. "Masiku ano aliyense akuti njala, njala."

Lorraine anawayang'ana mmodzimmodzi. Mayina anali pa lilime, ndipo ena mwa anawo anali zidzukulu za amuna omwe anali pa tebulopo. Anawameza.

"Sinditchula. Koma musanagone lero, aliyense aimbire mwana wake wamkazi, amufunse chimene wadya. Akati wadya kale, mufunsenso."

Ntchentche inali itayamba kale kuzungulira pa tebulo.

Amene anayamba kulankhula anali Terry, akukankha chidutswa cha anyezi ndi chala. "Komatu kunena zoona, anyezi ukamudula kunsi, pamene pamatuluka mizu, sangamerenso. Ngakhale umupempherere."

"Zimenezo aliyense amadziwa," wina anayankha.

"Ndiye timatemeranji yense?" anafunsa Terry.

"Fosholo siichedwa," anatero bambo uja.

Winanso anaonjezera: "Ndipo ukadula ndi mpeni, ndani akuona kuti wadula mokwanira? Iwe Terry ukhoza kumeretsa ngakhale chikopa cha nsapato."

"Ndiye aliyense adule wake yekha, pa geti lake, adule mpaka mtima wake ukhale pansi," anatero Terry. "Ine wanga ndipereka. Ndili ndi wambiri wolephera, osati ngati anzathu ena amene wolephera ndi yense."

Anakangana nthawi yaitali, monga amuna amachitira akafuna kuvomera osaoneka ngati agonja. Wina anati mbatatesi zake zokhala ndi zipsera nazonso zipite. Wina anati nyemba zake zaziwisi zikumukalambira. Gordon yekha sanalonjeze kanthu. Anaimirira, navala chipewa.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa anthu," anauza mlongo wake chapansipansi. "Ndi mbewu ya bambo."

"Manyazi sapha, achimwene."

"Wilibala yanga ndiipeze pa geti, yotsuka."

Anatuluka. Lorraine anapempha ndowa ndi nsanza kwa wogulitsa mowa uja, natsuka tebulo yekha, chifukwa sanali munthu wosiyira ena uve wake.

Lachinayi m'mawa magalimoto anayamba kuima pa holo. Amuna ankatsitsa makatoni mwachangu, osafuna kuonedwa, ngati akutaya mwana wa mphaka. Munali kabichi, makaroti opindika, mbatatesi, nyemba, ndi anyezi wamkuluwamkulu, aliyense wodulidwa kunsi. Ena anadula mwankhanza mpaka theka linatsala kudimba. Wa Gordon munalibe.

Mayi Ridley anaima pakhomo manja ali m'chiuno. "Lorraine, mwawalodza?"

"Ndinangowapatsa moni."

"Koma anyezi wodula chonchi sakhalitsa. Pofika Loweruka aola."

Zinali zoona, ndipo vuto silinali lokhalo. Kayleigh atafika pa tebulo, Lorraine anamudzadzira thumba mpaka kukamwa. Kayleigh analiyang'ana, nayamba kutulutsa mbatatesi ndi kabichi n'kuzibweza pa tebulo.

"Iwe, ukutani?"

"Mupatse ena, Mayi Pat. Mulibe za m'chitini? Zongotsegula?"

"Chakudya chenicheni ichi, ukufuna chitini?"

"Mayunitsi atsala ongoyatsira firiji. Mbatatesi imadya magetsi kuposa ana anga." Anayesa kuseka. "Kapena tizikukuta zaziwisi ngati akalulu a m'khola?"

Kumbuyo kwake mayi wina anagwedeza mutu, ndipo bambo wina amene ankakhala m'chipinda cha lendi chokhala ndi ketulo yokha anabwezanso karoti wake mwakachetechete. Lorraine anaima chilili. Anali atakwera mtunda, atadana ndi mlongo wake, atanyoza amuna a tauni yonse, ndipo chakudya chinali apa mulu, koma anthu sakanatha kuchidya. Mkwiyo unamukwera mpaka m'makutu. Sunali wa kwa Kayleigh, sunalinso wa kwa Gordon. Unalibe nkhope yoti n'kuukhuthulira, ndipo zimenezo ndizo zinkamuwawa koposa.

Analowa m'kakhitchini ka holo natsegula kabati ya pansi, mmene munkakhala mapoto akuluakulu a pa maliro ndi maukwati.

"Lorraine, chilolezo chathu n'chogawa, si chophika," anatero Mayi Ridley ali pa chitseko.

"Pa maliro timaphika muno."

"Amenewo ndi maliro."

"Ndiye tidikire afe, tidzawaphikire?"

Mayi Ridley anatembenuka. Anayang'ana mzere umene unali utafika kunja, anayang'ana makatoni. Kenako anavula wotchi yawo n'kuiika m'thumba.

"Mipeni ili mu dilowa yachiwiri," anatero. "Abusa ndilankhula nawo ndine. Mukandipsereza poto mudzagula."

Anasenda onse, olandira ndi ogawa omwe. Anyezi mmodzi ankadzadza mbale yonse, ndipo holo yonse inalira misozi, ana akuthawira panja akutsokomola. Kayleigh ankadula kabichi mofulumira kuposa aliyense, akunena kuti uyu ndi mutu wa mwini nyumba yake. Pofika masana supu anali atapsa, wolemera, wa mbatatesi zofewa, ndipo buledi wa dzulo uja anapeza ntchito. Ana anadya pa matebulo a Sande sukulu. Wotsala anathiridwa m'mabotolo ndi m'zitini za ayisikilimu kuti anthu atenge. Lorraine anaika mbale patsogolo pa Kayleigh, naima pomwepo mpaka inatha.

Madzulo Mayi Ridley anatulutsa kiyi wa holo m'chikwama chawo namuika pa sinki.

"Ogasiti yense ndi wanu. Amuna aja akuti azibweretsa mpaka mpikisano. Ndiye mwapambana, sekaniko pang'ono. Mwina ndiitane a nyuzipepala adzajambule, anthu aone kuti Thornrigg ili ndi mtima."

"Adzajambule ndani? Kayleigh ali ndi mbale? Akadzafika ndidzawathira supu."

"Inu simusangalala ndi chilichonse?"

"Ndisangalale kuti ana a tauni ino adya zimene zapulumuka ku manyowa?" Lorraine anakwecha poto mwamphamvu. "Lachinayi n'kamodzi pa sabata, Mayi Ridley. Anthuwa amadyanso Lolemba."

"Lorraine, musayambe."

"Holo imakhala yopanda anthu Lolemba. Ndaona pa ndandanda ya pakhoma."

Mayi Ridley anapumira m'mwamba, natenga chikwama chawo, natuluka akupukusa mutu.

Gordon sanalankhule ndi mlongo wake chilimwe chonsecho. Akakumana pa msewu ankawoloka, ndipo anyezi wake wolephera anapitiriza kumutema yekha pamtunda paja. Lorraine zinkamupweteka, koma sanapite kukapepesa. Chitseko cha holo sichinatsekedwe. Lolemba lotsatira anafika m'mamawa ndi kiyi, akutsimphina, napeza anthu atayamba kale kuima m'mbali mwa khoma, ena atatembenukira kumbali kuti odutsa pa basi asawazindikire. Anawayang'ana, nsagwada zili gwa, natsegula zitseko zonse ziwiri.

"Lowani, musaime pa msewu ngati mwalakwa," anatero. "Amene ali ndi manja asambe. Anyezi sadzisenda yekha."